Zigamba za ku Horyu-ji

Amayi atamva kuti Loweruka ndikupita ku Nara kukaona akachisi a Chibuda, anayamba akhala kaye chete pa foni. Kenaka anati, "Iwe, tinakutumiza kusukulu. Za mafanozo zayamba liti?" Ndinawauza kuti ndikukaona kamangidwe, poti ndi zomwe ndikuphunzira kuno ku Osaka, ku Japan. Anati chabwino, koma bondo lako lisakagunde pansi. Mayi wa Chigwirizano sumupusitsa ndi mawu oti kamangidwe.

Tinali anayi: ine, achimwene ena a ku Chipata omwe timacheza nawo mu chinyanja tikafuna kuti ena asamve, mtsikana wa ku Vietnam wa mu labu mwathu, ndi mnyamata wa Chijapani yemwe tinachita kumunyengerera kuti azikatitanthauzira. Iyeyu ku Nara anapitako ali ku pulayimale pa ulendo wa sukulu, ndipo chomwe ankakumbukira ndi mbawala basi. Unali mwezi wa Novembala, masamba atafiira, kuzizira kutayamba kuluma makutu.

## Shedi m'malo mwa nsanja

Kuchokera pa siteshoni ya Namba ku Osaka, sitima ya Kintetsu imakufikitsa ku Nara m'mphindi pafupifupi 40. Ukatuluka m'siteshoni n'kukwera kamtunda pang'ono umafika pa kachisi wa Kofuku-ji, pomwe pali nsanja ya madenga asanu yotalika mamita 50, yomangidwa mu 1426. Mnzathu wa ku Vietnam anakhala akutionetsa chithunzi chake sabata yonse. Titafika tinapeza chishedi chachitsulo, nsanja yonse ili m'kati, osaoneka ngakhale kansonga. Anayamba kuikonza mu 2023, ndipo ndi ntchito ya zaka zambiri.

"Ndiye tadzukira m'mamawa kudzaona shedi, asisi?" anatero achimwene.

Za mbawala ndinena pang'ono, poti aliyense wofikako amanena zomwezo. Zilipo zoposa 1,000, zimayenda paliponse, ndipo palibe amazivutitsa chifukwa kuyambira kale zimatengedwa ngati amithenga a milungu ya pa Kasuga Taisha, kachisi wa Chishinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan. Umagula timabisiketi pa 200 yen, zina zimaweramitsa mutu popempha, ukachedwa zimakukoka jekete ndi mano. Ya achimwene inakokedwa. Anaiyang'ana mbawalayo n'kuiuza kuti izithokoza kuti inabadwira dziko lino.

## Manja kumbuyo pamaso pa Daibutsu

Ukamalowa ku kachisi wa Todai-ji pa chipata cha Nandaimon, zimphona ziwiri zosema, zotalika mamita oposa 8, zimakutuzulira maso uku ndi uku. Zakhala zikutuzula choncho kuyambira 1203. Kutsogoloko ndiye nyumba ya Daibutsu, fano la Buddha la mkuwa, lokhala pansi koma lotalika pafupifupi mamita 15. Dzanja lake lokha n'lalitali kuposa munthu.

Linabadwa chifukwa cha mliri. Pakati pa 735 ndi 737 nthomba inapulula anthu m'dziko lonse, osasiya ngakhale akuluakulu a boma, ndipo mu 740 kunabuka kuukira. Mu 743 mfumu Shomu inalamula kuti fanoli liumbidwe, n'kunena m'chilengezo chake kuti munthu akabwera kudzathandiza, ngakhale ndi kaudzu kamodzi kapena dothi lodzaza dzanja, asamubweze. Wansembe Gyoki ndi ophunzira ake anayenda m'midzi kusonkhetsa. Mu 752, pa mwambo wotsegulira, wansembe wochokera ku India, Bodhisena, ndi amene anajambula maso ake.

Apa ndi pomwe za bondo zija zimayenera kuvuta. Mtsikana wa ku Vietnam anayatsa lubani pakhomo, n'kulowa, manja pamodzi, milomo ikugwedezeka. Pambuyo pake anandiuza kuti amapempherera agogo ake omwe akudwala. Mnyamata wa Chijapani anaponya kandalama m'bokosi, kuweramitsa mutu kamphindi, basi. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo, ndipo palibe anandicheukira. Ndinkayembekezera kuti mtima uchita kanthu, mantha kapena kutsutsika. Chomwe ndinamva ndi ulemu uja umakhala nawo ukafika pa maliro a mpingo wina: nyimbo si zako, koma suchita phokoso.

Chomwe chinandigwira ndi mizati. Ukaiyang'anitsitsa si mtengo umodzi. Ndi mtengo wapakati wokutidwa ndi matabwa ochindikala, omangidwa ndi malamba achitsulo. Nyumbayi inapsa pa nkhondo mu 1180, anaimanganso, inapsanso mu 1567, ndipo kwa zaka zoposa 100 fano lija linakhala lopanda nyumba yeniyeni, mvula ikulikwapula. Wansembe wina dzina lake Kokei anayamba kuyenda dziko lonse mu 1684 kupempha ndalama. Fano linakonzeka mu 1692, koma iye anamwalira mu 1705 nyumba isanathe. Itatha mu 1709 inali yocheperapo, mamita 57 m'lifupi, chifukwa ndalama zinaperewera ndipo mitengo ikuluikulu inali itasowa. Mitanda iwiri yonyamula denga, iliyonse yoposa mamita 23, anachita kukaitenga ku Kyushu.

Madzulo tinakwera ku Nigatsu-do, nyumba yopemphereramo ya pamtunda pa Todai-ji pomwepo, kukaona dzuwa likulowa pamwamba pa mzinda, tinadya sushi ya nsomba yokulunga m'masamba a mtengo wa kaki, tinagona pa mphasa za tatami m'kanyumba ka alendo komwe makoma ake ankadutsa mkonono wa aliyense.

## Agogo ananjuta pa mzati

Lamulungu m'mawa achimwene ankafuna kubwerera ku Osaka. Anati miyendo yakwana, ndipo Buddha wamkulu amuona kale, wamng'ono akamuoneranji. Tinawagonjetsa ndi mavoti, n'kuuyamba wa ku kachisi wa Horyu-ji. Sitima ya JR inatisiya pa siteshoni ya Horyuji, n'kuyenda wapansi mphindi ngati 20 kudutsa m'tauni ya Ikaruga, mpaka pa msewu wa mitengo ya paini wolunjika pa chipata.

Horyu-ji sadzionetsera. Bwalo la timiyala, nyumba yopemphereramo yotchedwa Kondo, pambali pake nsanja ya madenga asanu ya mamita ngati 32, ndi khonde lalitali lozungulira zonsezi. Kalonga Shotoku anayambitsa kachisiyu mu 607. Mbiri yakale ya dzikoli imati anapsa mu 670, ndipo nyumba zomwe zilipozi zinamangidwa m'zaka zotsatira, n'kutha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 700. Ndi nyumba zamatabwa zakale kuposa zonse zomwe zikadali chilili padziko lapansi. UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 1993.

Tinapeza agogo ena opuma pantchito, mwa anthu aja amadzipereka kuperekeza alendo kwaulere. Atamva kuti atatu mwa ife ndi a zomangamanga, anasiya zomwe amauza aliyense. Anatitenga kupita pa khonde lija, n'kunjuta pa mzati umodzi, n'kutikodola kuti tinjute nafenso.

Mzatiwo ndi wonenepa chapakati, wowonda kumutu. Ndi wotuwa, mitsempha ya mtengo itatulukira kunja chifukwa mphepo ndi mvula zinadya pofewa ponse. Koma chakumunsi mtengo ndi wina. Msoko ukuoneka, sanaubise. Pamwamba pake pali zigamba: kena kamakona anayi kosaposa chala, china chachitali kuyambira pa chigongono mpaka pa dzanja, china chozungulira pomwe kale panali mfundo. Ndiye panali kena komwe sikandichoka m'mutu mpaka lero, kachigamba kolowetsedwa m'kati mwa chigamba china. Wina anakonza, zaka zinadutsa, chokonzacho chinadwalanso, wina anabwera n'kukonza chokonzacho. Chilichonse ndi mtundu wake, chofiirira, chotuwa, chodera. Palibe penti, palibe chomata.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinali nditadutsa mizati yambiri ya khonde lomwelo ndikujambula nsanja, osaona kanthu. Nditadzuka n'kuyang'ana mzere wonse, ndinaona kuti ndi yochepa yomwe ilibe chigamba.

Agogowo ankalankhula, mnzathu akutanthauzira mojejema chifukwa mawu ena a ukalipentala sankawadziwa ngakhale m'chilankhulo chake. Mzati suukwirira m'dothi, umakhala pa mwala. Komabe mvula ikamathovukira, kumunsi ndi komwe kumayamba kuola. Ndiye amanyamula denga pang'ono, kudula poolapo, kusema mtengo watsopano kuti ulowane ndi wakale, n'kutsitsa. Pomwe padyedwa ndi tizilombo kapena pang'ambika amagoba ndi tchizulo n'kulowetsa kamtengo kolingana. Matailosi a padenga amawasintha pakapita zaka makumi angapo. Ndipo pakapita zaka mazana angapo amaphwasula nyumba yonse, thabwa lililonse kulipachika kanambala, kuliyeza, kulikonza, n'kulibwezera pomwe linali. Kukonza kwakukulu komaliza kunayamba mu 1934 n'kutha mu 1985. Zaka 51. Alipo amisiri anayamba ntchitoyo omwe sanaione ikutha.

(Anthu amakonda kunena kuti akachisi a ku Japan alibe msomali ngakhale umodzi. Si zoona. Chimango chimagwirana chokha, inde, koma misomali ilimo, yosula pamanja, ndipo ina yakalekale ankaizula ikadali yolimba.)

Kenaka ananena chomwe chinandimaliza. Akalowetsa thabwa latsopano, amalidinda chaka ndi chitsulo chamoto pamalo posaonekera. Mlendo sadzachiona chidindocho. Amadindira mmisiri amene adzaphwasule nyumbayo zaka 200 kapena 300 zikubwerazo, kuti adzadziwe kuti ili ndi la liti, ilo ndi la liti.

Ine ndakhala m'kalasi zaka zonsezi ndikuphunzira kuwerengera kuti chinthu chisagwe. Timati mlatho uwu ukhale zaka 50, uwo 100, n'kutseka buku. Za munthu amene adzabwere ndi hamala zakazo zisanakwane, kaya adzafika bwanji pomwe pawonongeka, kaya adzadziwa bwanji zomwe tinaikamo, zimakhala kutsamba lomaliza lomwe mayeso safikako. Pa khonde paja ndi pomwe ndinaona kuti nyumbazi sizinafike zaka 1,300 chifukwa choti sizimawonongeka. Zimawonongeka chaka chilichonse. Zinamangidwa moti munthu atha kuchotsa chodwala osagwetsa chamoyo, ndipo m'badwo uliwonse panapezeka wochotsayo.

Ngakhale okonzawo anaphonyapo. Pa 26 Januwale 1949, ntchito ili m'kati, moto unabuka mu Kondo n'kuwononga zojambula za pa makoma za zaka zoposa 1,200. Mwamwayi mbali yakumwamba inali itaphwasulidwa kale, matabwa ake ali kwina. Mizati yopsayo ndi makoma ake sanataye, anazisunga m'nyumba yapadera. Chaka chotsatira, 1950, dziko linakhazikitsa lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe, ndipo mpaka pano pa 26 Januwale ozimitsa moto amayeserera pa akachisi m'dziko lonse.

## Amagula phiri, osati mtengo

Agogowo anatchula dzina limodzi mwaulemu kwambiri: Nishioka Tsunekazu, mkulu wa amisiri pa Horyu-ji, wobadwa mu 1908, womwalira mu 1995. Bambo ake ndi agogo ake anali amisiri pomwepo. Agogo akewo, m'malo momutumiza ku sukulu ya zomangamanga, anamutumiza ku sukulu ya ulimi kuti adziwe kaye dothi lomwe mtengo umameramo. Pa moyo wake wonse sankamanga nyumba za anthu wamba. Ntchito ya pa kachisi ikasowa, ankalima.

Amisiri a pamenepo ali ndi malangizo omwe amapatsirana pakamwa. Limodzi limati pofuna mitengo yomangira kachisi usagule mtengo, gula phiri. Upite ukaone pomwe mtengo uliwonse wamera, mbali yomwe dzuwa limaomba, komwe mphepo imaukankhira, chifukwa ukadulidwa udzapindikira komwe unazolowera. Womera kummwera kwa phiri uuike kummwera kwa nyumba. Wopotokera kumanja uulumikize ndi wopotokera kumanzere kuti azigwirana. Mtengo wake ndi hinoki, wonunkhira, wosaola msanga. Ofufuza atawerenga mizere ya m'kati mwa mzati wapakati wa nsanja ija anapeza kuti mtengowo unadulidwa mu 594.

Mzati wapakatiwu ndi nkhani ina. Suli wolumikizidwa ndi zipinda zomwe umadutsamo, ndipo akatswiri amatsutsanabe kuti umathandiza motani pa chivomerezi, koma omanga nsanja ya Tokyo Skytree ya mamita 634 anaikamo mzati wa konkire pakati potengera nzeru imeneyi. Achimwene apa anadzuka, poti zivomerezi ndiye kafukufuku wawo. Anafunsa mafunso mpaka wotanthauzira anapempha madzi.

## Yankho la ku Mchesi

Bambo anga ndi kalipentala ku Mchesi. Ndinakulira m'utuchi. Kwa iwo chigamba chooneka ndi manyazi a mmisiri. Thabwa likakhala ndi bowo amasakaniza utuchi ndi guluu, kumata, kukwecha ndi sandipepa, vanishi pamwamba, ndipo ukapapeza pomwe panali bowo ndiye kuti alephera. Ndinawatumizira zithunzi za mzati uja pa WhatsApp tili pa siteshoni. Kwathu kunali kudakali m'mawa, ali pokonzekera za kutchalitchi, ndiye ndinkati ayankha madzulo.

Sipanapite nthawi, uthenga wa mawu unalowa. "Mwana wanga, amene anapanga izi tchizulo chake chinali chakuthwa, komanso sanali pa changu. Taona msokowo, sungalowetsepo lezala. Koma kasitomala wa kuno ukamupatsa chitseko chotere, akuti wamugulitsa chakale." Unabwera wina: mtengo wanji umenewu, ndipo wakhala zaka zingati? Nditawauza, anaseka kaye. "Mlombwa utha kuyesako. Koma mlombwa wake uli kuti? Masiku ano tikupala paini wosauma, mawa lake chitseko chapindika, mwini wake akuti kalipentala ndi wakuba."

Ndinamvetsera uthengawo kangapo m'sitima. Sanati n'zokongola. Anaona changu ndi mtengo, zinthu zomwe ine ndi masamu anga onse sindikanayambira.

## Mkangano wa m'sitima

Achimwene anamva nawo, ndipo anati nkhani yonse ndi ndalama. Japan ndi wolemera, atha kulipira munthu kuti akhale mwezi akusema kachigamba. Ife tikulimbana ndi mankhwala m'zipatala. Komanso kwathu kuli chiswe chosagona tulo.

Sakunama, koma sindikuvomereza kuti nkhani ithere pamenepo. Daibutsu uja ananyowa zaka zoposa 100. Boma la mfumu Meiji litalekanitsa Chishinto ndi Chibuda mu 1868, akachisi ambiri anaphwasulidwa, mafano kutenthedwa, ndipo pa Kofuku-ji pomwe tinapeza shedi paja ansembe anachokapo, malo n'kukhala bwinja. Anthuwa sanabadwe ndi mtima wosamala. Anataya zambiri, ndipo lamulo loyamba loteteza akachisi akale linadza mu 1897, Japan asanalemere monga tikumudziwira lero. Mitengo nayo anaimaliza. Nishioka pomanganso nyumba za pa kachisi wa Yakushi-ji m'zaka za m'ma 1970 anachita kukatenga hinoki ku Taiwan, chifukwa kwawo ikuluikulu yokwanira kunalibe. Pano boma linapatula nkhalango zina kuti zizisungira mitengo, makungwa ndi udzu wokonzera nyumba zakale.

Ndikamva zimenezi ndimaganiza za mkungudza wa pa Mulanje. Nawonso ndi wonunkhira, suola msanga, chiswe chimaulambalala, ndipo tinaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Omwe akubzala mbande paphiri paja pano akugwira ntchito yomwe thabwa lake sadzaliona.

Chomwe chimandipweteka si umphawi ayi. Ndi choti kwathu kukonza timakuona ngati chizindikiro cha umphawi. Akuluakulu amabwera ndi magalimoto kudzadula riboni pa nyumba yatsopano, koma sindinaonepo riboni pa denga lomwe asintha malata. Mpope wa madzi ukathyoka kamphira kamodzi, mudzi umadikira bungwe lina lidzakumbe mjigo wina pafupi ndi wakufawo. Ndipo si kuti nzeru yokonza ndi yachilendo kwa ife. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, ndi wa mitengo ndi udzu, koma wadutsa mibadwo chifukwa akakalamba anthu amasonkhana n'kumumanganso. St Michael and All Angels ku Blantyre yaima kuyambira 1891 pa njerwa zoumbidwa pomwepo, ndipo kuti ifike zaka 300 padzafunika munthu wodziwa kuchotsa njerwa imodzi yofumbutuka osasokoneza zinzake. Munthu ameneyo ayenera kuti akuphunzitsidwa ndi winawake lero.

Achimwene anati ndalankhula ngati phungu. Mtsikana wa ku Vietnam anali atagona, mutu pa windo. Wa Chijapani anati akuchita manyazi kuti zonsezi wazimvera kwa agogo aja limodzi ndi alendo, chonsecho kwawo ndi ulendo wa ola limodzi kuchokera pamenepo.

## Tchizulo

Kafukufuku wanga ndi wa milatho ing'onoing'ono ya konkire, ya mtundu womwe umakokoloka kwathu mvula ikakula. Sabata yotsatira ndinapita kwa aphunzitsi anga ndi funso lomwe silinali m'pulani: pa milatho imeneyi, ndi ziwalo ziti zomwe anthu a m'boma laling'ono angathe kuchotsa n'kuikapo zina popanda makina akuluakulu, ndipo tingamange bwanji kuti zikhale zofikirika? Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti funsolo ndi labwino koma lindichedwetsa. Tinagwirizana kuti likhale mutu umodzi, osati pepala lonse.

Bambo nawo sanazisiye. Ankafuna kuona m'kati mwa msoko uja, momwe mitengo iwiriyo yagwiranirana. Ku Kobe, pafupi ndi siteshoni ya Shin-Kobe, kuli nyumba yosungira zipangizo za ukalipentala ya Takenaka, komwe amaika zitsanzo za malumikizidwe zoti mlendo atha kuzimasula ndi kuzibwezera. Ndinapitako ndekha. Ndinajambula kanema wa kalumikizidwe kotchedwa kanawa tsugi: mitengo iwiri yosemedwa mofanana, iliyonse ndi kadzino kumapeto, umailowetsana chammbali, kenaka umakhomera kamphero pakati, n'kumangika moti sungaikoke.

Anayesa pa zidutswa za mlombwa zomwe anasunga pansi pa benchi. Choyamba chinatuluka chogwedera. Anati vuto ndi tchizulo cha ku msika, chimabuntha ukangosema pang'ono, ndipo ndikamabwera ndisawatengere malaya kapena wotchi, ndiwatengere tchizulo cha ku Japan, ziwiri ngati n'kotheka, chachikulu ndi chaching'ono. Ndinapita ku sitolo ya zipangizo kukafunsa. Mtengo wake sindinawauze.